Kansalu kamene ndinamanga pa sola

Ine chinthu changa chilichonse ndimachimanga kansalu. Khalidweli ndinaliphunzira kuchigayo cha ku Kaseye, kumene matumba a chimanga amaima pamzere ofanana ngati mapasa, ndipo ukangotembenuka kuti upereke moni kwa mnzako, thumba lako lapita ndi wina. Choncho pathumba langa pamakhala kansalu, pamwendo wa nkhuku yanga kansalu, ngakhale pa ambulera. Amayi anzanga a kumpingo amandiseka kuti tsiku lomaliza ndidzafika pamaso pa Mulungu nditamanga kansalu pachala, kuopa kuti angandisokoneze ndi wina. Ndimaseka nawo. Koma pali kansalu kena kamene kanandionetsa chinthu chimene mpaka lero ndimati bola ndikanapanda kuchiona.

Mzime wanga wamkazi anamupeza ndi matenda a shuga ali sitandade 5. Mankhwala ake ndi a jakisoni, m'mawa ndi madzulo, ndipo timabotolo take sitigwirizana ndi kutentha. Kwathu kulibe magetsi. Tinayesa kutisunga mumtsuko wokwirira mumchenga wonyowa monga anatilangizira anamwino, ndipo m'miyezi yozizira zinkatheka ndithu. Koma dzuwa la Okutobala likakhala pamalata, nyumba yanga imasanduka uvuni wa njerwa, mtima wanga osakhazikika. Ndiye mayi wina, mphunzitsi wochokera ku Dedza amene anamutumiza kudzagwira ntchito paboma pa Chitipa, tinadziwana pamsonkhano wa amayi, anandiuza kuti, "Mayi, ndipatseni mwanayo azikhala kwathu. Firiji ilipo, chipatala chili pafupi." Mulungu amudalitse mayi ameneyo, sindidzamaliza kumuthokoza.

Mwana wanga anakhala kumeneko zaka ziwiri. Bambo ake anatisiya kalekale, akulu ake aliyense ali kwake, moti m'nyumba ndinatsala ine ndi nkhuku. Pemphero langa linali limodzi lokha, ndipo Mulungu ayenera kuti anatopa nalo: mwana wanga abwerere pakhomo, ndizimuluka tsitsi ndekha.

Yankho linabwera kudzera mwa mwana wanga woyamba, amene amanyamula katundu ku Tunduma. Anatumiza masola awiri atsopano, batire, kabokosi kolumikizirapo mawaya, ndi firiji yaing'ono yofika m'mawondo. Anamwino anati firiji ikamazizira bwino, mwana akhoza kubwera kwawo.

Wodzaika masolawo sindinavutike kumufunafuna. Ndinali ndi mnzanga wapamtima amene anamwalira n'kusiya khanda lamwamuna la miyezi isanu. Khandalo ndinaliyamwitsa ine, bere limodzi iye, bere lina woyamba wanga uja. Tsopano anali bambo wa ana atatu, wodziwa za magetsi, anthu onse akumuitana kuti fundi monga amanenera a kumalire, ali ndi njinga yamoto ndi chikwama cha zida. Ine ndinkangoti mwana wanga. Ndikanaitananso ndani?

Anafika dzuwa litakwera, fumbi mpaka m'nsidze, napereka moni m'chiyankhulo chakwathu.

"Mwaghona, amama! Lero tikukutsitsirani dzuwa m'nyumba. Mwakonzeka kukhala bwana?"

"Ubwana wa chiyani iwe, ine wa sitandade sikisi? Tsika panjingapo ndikuone, wanenepa ngati wamsonkho."

Ndinkaganiza kuti angokwera nawo padenga. Ayi. Anandipempha mphasa, anaiyala pabwalo, natulutsa masola onse awiri m'makatoni n'kuwagoneka moyang'ana kumwamba. Anali akuda obiriwirako, onyezimira ngati madzi a pachitsime chakuya.

"Chinthu sichikwera padenga chisanayesedwe pansi, amama," anatero. "Padenga palibe mboni."

Mawu amenewo ananena yekha, ndi pakamwa pake. Ndimawamvabe.

Anatulutsa mita yake yachikasu, ya mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, nakhudzitsa pamawaya a sola yoyamba. Pagalasi la mita panatuluka nambala.

"Werengani, a sitandade sikisi."

"Twente-wanu."

"Mwakhoza! Tsopano vundikirani sola ndi chitenje chanucho."

Ndinavundikira, nambala ija inagwa ngati yaterereka. Ndinachotsa, inakweranso. Ndinachita zimenezo katatu ndikuseka ngati mwana, iye akuti ndisiye ndingatopetse dzuwa. Sola yachiwiri nayonso inaonetsa chimodzimodzi. Ine ndinati basi tatha, koma iye anapukusa mutu, napisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa babu la galimoto lomangirira timawaya tiwiri.

"Nambala yokha imanama, amama. Sola yotopa imatha kukuonetsani twente-wanu koma mphamvu ilibe. Ili ngati mwamuna wa mawu ambiri pabwalo, kumupatsa khasu wayamba kudwala msana. Ndiye timaipatsa khasu."

Analumikiza babulo. Linayaka mpaka ndinatsinzina, masana dzuwa lili pamutu, ndipo nditayandikitsa chala ndinamva kutentha. Masola onse awiri analiyatsa choncho. Ndinawomba m'manja ndikuti yewo, yewo Ambuye.

Atapita kukabwereka makwerero kwa bambo woyandikana nane, ndinagwada pamphasa paja, ndinaika manja pamasola ofundawo n'kupemphera. Kenako dzanja linachita zimene linazolowera. Ndinali ndi diresi lakale la mzime wanga, lobiriwira la madontho oyera, limene linamuchepa. Ndinang'ambako tinsalu tiwiri, ndinatembenuza masolawo, ndipo kumbuyo kwa felemu iliyonse ndinapeza kabowo kakang'ono. Ndinamanga kansalu pamenepo n'kukankhira nsonga zake mkati mwa felemu kuti zisaoneke. Ndinabisa chifukwa cha manyazi. Ndinkaopa kuti anthu anganene kuti mayi wa kumpingo wayamba zithumwa, pamene ine ndinkangofuna kuti chinthu cha mwana wanga chikhale ndi chizindikiro cha mwana wanga.

Atabwera ndi makwerero anakwera, anayeza padenga, natsika akukanda m'mutu. Anati zitsulo zogonekapo masola zimene anabwera nazo n'zazifupi, ayenera kupita nazo kwa owotcherera ku Kaseye, ndipo masola atenge kuti akayezere pomwepo. Anawabwezera m'makatoni, nawamanga panjinga ndi mphira. Ine ndinati pita bwino mwana wanga, ndipo ndinathamangitsa tambala wanga wofiira, chifukwa kwathu munthu wokugwirira ntchito sachoka ndi m'mimba mouma. Ndinamuphika ndi nthochi zaziwisi, monga mwana wangayo ankakondera kuyambira ali wamng'ono.

Anabwera dzuwa litapendeka. Sanayalenso mphasa. Anamasula makatoni panjinga, nasenza imodziimodzi pamutu, ulendo wa pamakwerero, n'kukatsekulira pamwamba.

Ndinaima pakhomo la khitchini ndi chipande m'manja, ndipo mawu ena anandinong'oneza mumtima kuti, kodi pansi sayesanso? Mawuwo anafika mpaka palilime. Koma ndikanayamba bwanji? Kwathu munthu amene wamuphera nkhuku, madzi osamba m'manja wamutenthetsera kale, sumamuuza kuti tatsekula ndionenso. Kuli ngati kumupisa m'thumba pagulu. Ndipo ameneyu anali mwana woyamwa bere langa. Kukwera kuti ndikaone ndekha n'kosatheka, mkazi sakwera padenga, ngakhale kuima pansi pa makwerero mwamuna ali pamwamba amati n'kupanda ulemu. Ndinameza mawu aja ndi malovu.

Anagogoda, anamanga, anatsitsira mawaya m'nyumba. Kenako anakuwa ali pamwamba, mita ili m'manja.

"Twente-wanu, amama! Onse awiri!"

"Nanga khasu lija?" ndinafunsa moseka.

"Babu ndaliiwala kwa owotcherera. Koma si munaona nokha m'mawa muja?"

"Ndinaona, mwana wanga."

Firiji inayamba kulira pang'onopang'ono ngati njuchi m'mng'oma, ine nthungululu mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. Mwana wanga uja anadya ntchafu zonse ziwiri za tambala. Ndinamupempherera asananyamuke, dzanja langa lili pamutu pake.

Mzime wanga anabwera mu Ogasiti, sukulu zitatsekera, ndipo tinamulembetsa pasukulu ya pafupi. Masabata oyamba aja sindingathe kuwafotokoza. Ndinkamuluka tsitsi ngakhale lisanasokonekere. Anali ataphunzira Chichewa cha aphunzitsi ake, chosalala, ndipo ankandikonza ndikasakaniza ndi chakwathu, ine n'kumati yankhula bwino iwe, ndinakubereka ndine. Timabotolo take tinali pashelefu ya pamwamba m'firiji, iye yekha ndiye wotsekula.

Kutayamba kutentha, firiji inayamba kusintha. M'mawa ndinkaipeza ili chete, pakabokosi paja pakuyaka kofiira. Inkadzuka dzuwa likakwera, kulira pang'ono, kenako zii. Ndinamuimbira foni mwana wanga wa magetsi uja.

"Ndi fumbi, amama. Mvula ikagwa idzatsuka."

Sabata ina: "Mafiriji a ku Tanzania n'ngadyera, amama, amadya moto kwambiri. Ndibwera mawa."

Mawa ameneyo anabereka mawa anzake. Ndikaona kuti firiji yafunda ndinkasamutsira timabotolo mumtsuko, koma panali masiku amene ndinkachoka ikulira bwinobwino, n'kutandala kudimba mpaka masana, osadziwa kuti yazima kalekale ndipo mkati mwake mwasanduka ng'anjo. Ndinkakhulupirira nambala imene ndinaimva kuchokera padenga.

Mwana anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe yochokera kubusa. Siketi inayamba kugwa m'chiuno. Aphunzitsi ake anati akusinza m'kalasi. Jakisoni ankabaya ndithu, osaphonya, ndiye ine ndinkati mwina ndi kutentha. Tsiku lina m'mawa anasanza, napuma mwamphamvu ngati wakwera phiri, ndipo nditamuitana anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Ndinaitana wa kabaza wa njinga yamoto. Tinamuika pakati, ndinamumangirira kwa ine ndi chitenje ngati khanda, ndipo msewu wonse wopita kuboma ndinkangoti Ambuye, si uyu, si uyu.

Anamugoneka masiku anayi. Anamwino anatenga kabotolo kamene ndinabwera nako, anakakweza chapawindo, n'kundionetsa timibulu tomata pagalasi.

"Mankhwala awa anapsa, mayi. Mwana ankangobaya madzi."

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Tsiku lachitatu, mwana atayamba kukhala tsonga ndipo mayi mphunzitsi uja atabwera kudzandilandira, ndinapita kumsika kukagula sopo. Ndinadutsa pakanyumba ka wometa tsitsi, kamene anthu amatchajiranso mafoni. Panja anali atatsamiritsa masola awiri pamiyala kuti awothe dzuwa. Ndinkangodutsa. Koma diso la munthu wa kuchigayo silipuma. Kumbuyo kwa sola imodzi kunkapendeka kanthu kobiriwira.

Ndinanjuta. Kobiriwira, ka madontho oyera. Mfundo yake inali yanga, ija ndimapinda kawiri. Ndinapisa chala m'felemu ya sola inayo, ndinakapezanso kanzake.

"Mama, mukufuna kumeta kapena kutchaja?" anatero wometayo, makina ali m'manja, munthu atamumeta mbali imodzi. "Kapena mukufuna kuwafunsira ukwati masola angawo?"

Anthu anaseka. Ine ndinafunsa kuti anawapeza kuti.

"Amenewo safi kabisa, mama, abwino zedi. Anandibweretsera fundi wa ku Kaseye, Ogasiti asanayambe. Ndinali ndi akale otopa, kutchaja mafoni atatu afa. Iye anatenga akalewo, akuti ali ndi kowataya."

Ali ndi kowataya. Kowatayako kunali padenga langa.

Ndinakhala pansi pafumbi. Wometayo anasiya nthabwala nandipatsa madzi. Sindinamuuze kanthu, iye analibe mlandu. Ndinangopempha kansalu kamodzi. Anandiyang'ana modabwa, nati tengani mama, ngakhale tonse tiwiri. Ndinamasula kamodzi, kena ndinakasiya.

Mwana atatuluka m'chipatala, mayi mphunzitsi anamutenganso kuti akachire kwawo. Ine ndinabwerera ndekha, ndipo sindinalowe n'komwe m'nyumba. Ndinapita kukabwereka makwerero aja, ndinakulunga chitenje pakati pa miyendo n'kuchimanga m'chiuno, ndinakwera. Ine, mayi wa zidzukulu. Akazi a pamudzi anatuluka manja ali kumutu.

"Amama, mwazungulira mutu? Tsikani, mutichititsa manyazi!"

Sindinatsike. Malata anandiwotcha mawondo. Ndinakwawa mpaka pamasola, ndipo sindinafunikenso kufufuza kansalu. Magalasi ake anali otuwa ngati diso la ng'ala, mkati muli mawanga ofiirira ngati chitenje chopsa ndi simbi, ndipo pangodya imodzi panali mng'alu womata ndi guluu. Ndinapisabe chala m'mabowo. Munalibe kanthu. Ndinalira pamwamba pomwepo, mudzi wonse ukundiona. Sindinalirire masola. Ndinkakumbuka kamwana kamene kankagwira chala changa poyamwa.

M'mawa mwake bambo woyandikana nane anandithandiza kuwatsitsa. Kwa wa kabaza uja ndinapempha babu, iye anandimangirira timawaya tiwiri. Kenako ndinaimba foni.

"Bwera, ndapha nkhuku."

Tsiku limenelo mawa sanabereke. Anafika dzuwa lili pamutu, akuimba likhweru. Likhweru linathera pachipata, ataona mphasa pabwalo ndi masola atagona pamenepo.

"Amama, mwatsitsiranji?"

"Tisanadye, a fundi, tiyese. Padenga palibe mboni."

Chibadwire chake ndinali ndisanamuitanepo kuti a fundi. Anatulutsa mita, nakhudzitsa pamawaya.

"Mwaona, amama? Twente. Ali bwinobwino, vuto ndi firiji."

Ndinamasula mfundo ya chitenje changa, ndinatulutsa babu.

"Apatseni khasu."

Waya unamupulumuka kawiri. Atalumikiza, kawaya ka mkati mwa babu kanangofiira pang'ono, ngati khala lotsala m'phulusa. Sola yachiwiri ngakhale kufiirako panalibe. Ndinatenga kansalu kaja n'kukaika pagalasi lotuwalo, pakati penipeni.

"Aka ndakapeza kumsika wa kuboma, kwa wometa. Ndinakamanga ndine, inu mutapita kukatenga makwerero. Ndi diresi la mlongo wanu."

Nkhuku zinkapalasa pafupi nafe. 

"Ndinkati firiji yanu ndi yaing'ono, akalewa akwanira," anatero potsiriza, osandiyang'ana. "Zinandithina, amama. Ndinkati ndidzasintha zinthu zikayenda."

"Zikanakuthinani mukanabwera kudzandiuza. Ndinakugawirani bere, ndikanakumanani sola? Koma munakhala pamphasa iyi, munandiphunzitsa bwinobwino mmene sola imanamira, kenako munakwera n'kukandinamiza momwemo. Ndipo mwezi wonse ndikuimba foni, inu mukudziwa chimene chili m'firijimo."

"Sindinkadziwa kuti zifika pamenepo."

"Mlongo wanu ndinamumanga pachifuwa panga ngati mtembo."

Analira. Ine misozi ndinali nditaisiya padenga. Ndinamutengera madzi osamba m'manja, ndinamuikira chakudya, chifukwa nkhuku ndinali nditamuphera ndipo mwambo sindiuswa kawiri sabata imodzi. Sanathe kudya. Ndinachiika m'kontena kuti akapatse ana ake, amene sanandilakwire.

Mmene anakambirana ndi wometa uja sindikudziwa, koma patatha sabata anabwera nawo masola anga enieni. Kansalu kachiwiri kanali pomwepo. Ndinawayesa ndekha pamphasa, mawaya ali m'manja mwanga, ndipo babu linayaka mpaka ndinatsinzina. Powakweza ndinakwera nawo, ndinakhala pamalata mpaka msomali womaliza, akazi a pamudzi osanenanso kanthu. Kuyambira tsiku limenelo firiji sinazimepo. Ndinaidikira masabata atatu, m'mawa uliwonse ndikupisamo dzanja, ndipo nditatsimikiza ndinavala chitenje changa chabwino n'kupita kuboma kukatenga mwana.

Mayi mphunzitsi anandilandira bwino monga mwa masiku onse. Anati mwana ndi wanu mayi, ine sindingamukanize, tamufunsani. Mzime wanga anali atabwerera thupi, tsitsi atamuluka wina. Anakhala pafupi nane, akusewera ndi mphonje ya chitenje changa.

"Tiye kwathu, mwana wanga. Firiji ikuzizira tsopano. Ndayesa ndekha."

"Amama, ndikuopa."

"Ikugwira ntchito, ndikukuuza ine mayi ako."

Anayang'ana pansi.

"Ulendo uja munanenanso choncho."

Sananene mwachipongwe. Ananena chapansipansi, ngati akupepesa. Ndipo zinali zoona. Ndinanena choncho, ndi mtima wonse, pamawu a munthu wina.

Sindinamukakamize. Ndinabwerera ndekha pa minibasi, kabasiketi kamene ndinatengera zovala zake kali pamiyendo popanda kanthu.

Mpaka lero amakhala kuboma. Amabwera patchuthi cha miyezi yozizira, masiku owerengeka, timabotolo take ali m'fulasiki imene salola kuti ichoke pafupi naye, ndipo ndimamuona akutsekula firiji n'kupisamo dzanja poganiza kuti sindikumuona. Ndikuthokoza Mulungu kuti ali moyo, akukula, akukhoza m'kalasi. Ndikuthokoza ndithu, ndipo sindikunena ndi pakamwa pokha.

Fundi uja timapemphera tchalitchi chimodzi. Amakhala mbali ya abambo, kumbuyo. Tikatuluka amavula chipewa n'kuti amama, ine ndimayankha kuti yewo a fundi, n'kudutsa. Pemphero likafika pa mawu a kukhululukirana, anzanga amapitirira, ine ndimatsalira pang'ono, ndipo Mulungu amadziwa kuti ndikuyesetsa.

Firiji ikulirabe pangodya. M'munsi mwake anthu a pamudzi amasungitsamo madzi akumwa ndi mkaka, sindiwakaniza. Koma shelefu ya pamwamba ndinaimanga kansalu kobiriwira kaja, ndipo aliyense amadziwa kuti pamenepo saikapo kanthu.